Kupaka pulasitala pa siling'i ya Artex ku Britain: mafunso ndi mayankho okhudza asibesitosi

Ndagwira chipande cha pulasitala kuno ku England kwa zaka zoposa khumi, makamaka m'nyumba zakale za mdadada za ku Leeds ndi ku Bradford. Masiku ano abale athu ambiri amene anabwera kudzagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba ayamba kugula nyumba zawozawo. Nyumba imene thumba lathu limakwanitsa imakhala yakale, ndipo ukalowa pabalaza n'kukweza maso umapeza siling'i ya timinga ngati chipwete, kapena ya mizere yokhotakhota ngati munthu anaipesa ndi chipeso. Posakhalitsa foni yanga imalira: "Achimwene, tabwerani mudzatisalazire siling'iyi Loweruka." Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimayankha kawirikawiri ndisananyamule chipande.

Kodi zimene anapaka pa siling'izi n'chiyani?

Anthu amangozitchula kuti Artex, ngakhale kuti limeneli ndi dzina la kampani imodzi ndipo panali makampani enanso opanga zofanana nazo. Ndi phala lolimbirapo limene ankapaka pa siling'i, nthawi zina ndi pakhoma pomwe, kenako n'kulilemba maluwa ndi burashi kapena chipeso lisanaume. Linatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Omanga ankalikonda chifukwa limabisa ming'alu ndi molumikizira mabolodi, ndipo silinkafuna munthu waluso la pulasitala.

Nanga asibesitosi akubweramo bwanji?

Asibesitosi ndi mwala wa timaulusi wokumbidwa m'migodi. Opanga ankathiramo asibesitosi woyera, wotchedwa chrysotile, kuti phalalo lizigwirana bwino. Sankathira wambiri: pa magawo 100 alionse, asibesitosi ankakhala magawo osapitirira asanu. Anasiya kuthiramo cha m'ma 1984, koma matumba akale anapitiriza kugulitsidwa ndi kugwiritsidwa ntchito kwa zaka zingapo pambuyo pake. Dziko la Britain linaletsa asibesitosi wabuluu ndi wofiirira mu 1985, koma woyerayu analetsedwa mochedwa, mu 1999. N'chifukwa chake bungwe la boma loona za chitetezo pantchito, la HSE, limanena kuti nyumba iliyonse yomangidwa kapena kukonzedwa chisanafike chaka cha 2000 ikhoza kukhala ndi asibesitosi. Ngati nyumba yanu inamangidwa pambuyo pa chakachi, mtima ukhale m'malo. Ngati ndi yakale, ingoganizani kuti ali momwemo mpaka labotale itanena zina.

Simungangoyang'ana n'kutiuza, popeza mwazolowera?

Sindingathe, ndipo aliyense wokuuzani kuti angathe akukunamizani. Timaulusi ta asibesitosi n'tating'ono kwambiri moti maso satha kutiona, tilibenso fungo. Siling'i ziwiri zofanana maluwa, ina ikhoza kukhala naye, ina ayi. Ndinaonapo nyumba imodzi yomwe pabalaza panapezeka asibesitosi koma kuchipinda cham'mwamba kunalibe, chifukwa anapaka anthu osiyana pa zaka zosiyana.

Njira ndi imodzi yokha: kudula kachidutswa n'kukatumiza ku labotale yovomerezedwa ndi bungwe la UKAS, kumene amakayang'ana ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Chabwino n'kuitana katswiri kuti adzadule yekha. Onetsetsani kuti watenga chipinda chilichonse pachokha, komanso malo angapo m'chipinda chachikulu, chifukwa phalali ankalikandira m'ndowa ndi manja ndipo asibesitosi sankafalikira mofanana. Pakona ina akhoza kusowa, pakati n'kupezeka. Ndalama yoyezetsera ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi imene mukufuna kulipira wopaka pulasitala, ndipo zotsatira zimabwera m'masiku ochepa.

Katswiriyo aonenso chimene chili kuseri kwa Artex. Nthawi zambiri ndi bolodi wamba la pulasitala lotchedwa plasterboard kapena pulasitala wakale wa pa timatabwa, koma m'nyumba zina muli bolodi la asibesitosi lomwe kuno amalitchula kuti AIB. Limeneli ndi loopsa kwambiri kuposa Artex, limatulutsa fumbi mosavuta, ndipo ntchito yaikulu pa bolodi lotere imagwiridwa ndi makampani okhawo okhala ndi laisensi ya HSE.

Takhala tikugona pansi pa siling'i yotere zaka zitatu, ndi ana omwe. Tadzivulaza kale?

Funsoli amafunsa kwambiri ndi amayi, ndipo mawu awo amakhala akunjenjemera. Mayi, pumulani. Mu Artex timaulusi timakhala titamangika m'phala louma, pamwamba pake pali penti wa zaka ndi zaka. Siling'i ikakhala yabwinobwino, yosasweka, yosayoyoka, palibe chikutuluka. Asibesitosi amavulaza akasanduka fumbi n'kulowa m'mapapo. Fumbilo limabwera munthu akayamba kupala, kukwecha ndi sandipepa, kuboola kapena kugwetsa siling'iyo. Ngati maonekedwe ake sakukusowetsani tulo, kungoipaka penti watsopano n'kuisiya ilinso njira yabwino, ndipo ndi yotsika mtengo kuposa zonse.

Chimene muyenera kuchiyang'anira ndi madzi. Paipi ya kubafa ikamadontha, siling'i ya pansi pake imafufuma, kusweka, mwina kugwa. Zikatero nkhani yasintha, muitane odziwa.

Fumbilo limachita chiyani m'thupi?

Timaulusi timalowa mpaka pansi pa mapapo, ndipo thupi limalephera kutisungunula kapena kutitulutsa tonse. Timatha kuyambitsa khansa ya kachikopa kokuta mapapo yotchedwa mesothelioma, imene ilibe mankhwala ochiziratu. Timayambitsanso khansa ya m'mapapo, ndipo kwa munthu wosuta fodya ngoziyo imakula kwambiri. Palinso asbestosis, pomwe mapapo amachita zipsera n'kuuma, munthu n'kumabanika akangoyenda pang'ono. Imeneyi imagwira makamaka amene anapuma fumbi lambiri kwa zaka zambiri.

Chowawa chake n'chakuti matendawa sabwera msanga. Pamatha zaka 15 mpaka 60 munthu asanamve kanthu. Mnyamata amene akupala siling'i lero ali ndi zaka 25 adzayamba kutsokomola atakhala ndi zidzukulu. HSE imanena kuti ku Great Britain anthu pafupifupi 5,000 amamwalira chaka chilichonse ndi matenda obwera ndi asibesitosi, kuposa amene amafa pa ngozi za pamsewu, ndipo ambiri mwa iwo ndi amisiri: akalipentala, okonza mapaipi, amagetsi, ndi ife opaka pulasitala.

Ndiye tinene kuti kupaka pulasitala pamwamba pake n'koletsedwa?

Sikoletsedwa, ndipo nthawi zambiri ndi nzeru yabwino. Pulasitala akaphimba Artex, asibesitosi amatsekeredwa m'kati, sakhudzidwanso ndi tsache kapena ngodya ya wadiropu posamuka. Pulasitala payekha alibe vuto. Vuto lili pa zimene mmisiri amachita asanayambe kupaka.

Pulasitala womalizira amapakidwa mopyapyala, mamilimita awiri kapena atatu basi. Timinga ta Artex timatalika kuposa pamenepo. Ndiye mwambo wa amisiri ambiri ndi wakuti amatenga chopalira chachikulu, kukwera pa benchi, n'kuyamba kusadza timinga tonse kuti siling'i ikhale yafulati. Zimatenga mphindi makumi awiri zokha, ndipo zimapulumutsa matumba a pulasitala. Koma mphindi zimenezo ndi zomwe zimamasula asibesitosi amene anakhala phee zaka 40.

Ndikunena zimene ndinachitapo ndi manja angawa. Chaka changa choyamba ndinkagwira ganyu kwa bwana wina amene ankalipira pamanja madzulo alionse. Tsiku lina anandisiya m'chipinda cha nyumba ina yakale, nandipatsa chopalira, n'kunena kuti akamabwerako apeze timinga tonse tatha. Ndinapala. Fumbi linali kugwera kumaso, m'tsitsi, m'khosi la malaya, ndipo dzuwa litalowa pawindo ndinaliona likuyandama m'chipinda monse ngati ufa wa pachigayo. Masiki ndinalibe. Ndinasesa ndi tsache louma, ndinakwera basi ndi zovala zomwezo, ndipo nditafika kunyumba mwana wanga wamkazi anandithamangira n'kundikumbatira m'miyendo. Siling'i imeneyo inali isanayezedwe. Patapita zaka ziwiri, nditakhala m'kalasi ya maphunziro a asibesitosi, mphunzitsi akufotokoza za akazi amene anadwala chifukwa chochapa maovolosi a amuna awo, ndinakumbukira mwana uja ndipo mtima unandipweteka kwambiri. Kuyambira pamenepo sindikhudza Artex popanda pepala la ku labotale m'manja.

Choncho mmisiri akabwera kudzaona ntchito, mufunseni funso limodzi: "Timingati muchita nato bwanji?" Akati angotipala pang'ono, osatchula zoyezetsa, muthokozeni n'kufuna wina. Lamulo la Control of Asbestos Regulations la 2012 limalamula aliyense wogwira ntchito yolipidwa kuti ayambe wafufuza ngati pali asibesitosi asanasokoneze chilichonse, ngakhale ntchitoyo ili m'nyumba ya munthu wamba. Izi zikukhudzanso m'bale wathu wa kumpingo amene wati akuthandizani pa mtengo wachibale.

Popanda kupala, mumasalaza bwanji?

Timadzaza m'malo mosadza. Choyamba ndimayesa ngati Artex yagwira zolimba, pogogoda ndi kukanikiza pang'onopang'ono ndi dzanja. Kenako ndimapukuta ndi nsanza yonyowa kuchotsa mafuta ndi utsi, makamaka kukhitchini. Ndikatero ndimapaka mankhwala omatira. Ena amagwiritsa ntchito PVA, koma ine ndimakonda aja okhala ndi timchenga, monga Blue Grit kapena Thistle Bond-it, chifukwa akauma pulasitala amapeza pogwira. Tsiku lotsatira ndimapaka pulasitala wokhuthala wa bonding kudzaza mipata ya pakati pa timinga mpaka tonse titamira. Akalimba ndiye pamabwera womalizira uja, kawiri, n'kusalaza.

Ndisakubisireni, njirayi ili ndi chiopsezo chake. Pulasitala ndi wolemera komanso wonyowa, ndipo Artex ikamwa madzi imafewa. Ngati anaipaka pamwamba pa penti wakale wa laimu uja wotchedwa distemper, imakhala yongokhalapo, yosagwira kwenikweni. Ukaisenzetsa katundu imatha kumatuka, nthawi zina tsiku lomwelo, nthawi zina patapita miyezi, chigamba chachikulu n'kugwera pansi. Ikagwa choncho mwataya ndalama, ndiponso mwapeza fumbi lomwe munkalithawa lija. Siling'i ya timinga tatitali kwambiri, yosweka, kapena imene inanyowapo, ine sindiipaka.

Ngati singapakike, titani?

Kukhoma plasterboard yatsopano pansi pake. Imeneyi ndiyo njira imene ndimaikhulupirira kuposa zonse. Mabolodi atsopano amamangidwa ndi masikuluwu aatali olowa m'mitanda yonyamula siling'i, ndiye kulemera konse kumapita ku mitanda, osati ku Artex. Chipinda chimafupika ndi masentimita osakwana awiri, munthu sangazindikire n'komwe. Pamwamba pa bolodi latsopano pulasitala amagwira bwino ndipo siling'i imatuluka yosalala ngati galasi.

Masikuluwu amadutsabe mu Artex, choncho kusamala kukufunikabe. Mitanda ifufuzidwe ndi kachipangizo kofufuzira kapena poyang'ana kuchokera m'denga, osati pobayabaya tizibowo paliponse. Pomwe pakufunika kuboola, timapakapo kaye thovu lometera ndevu kapena phala lomatira mapepala a pakhoma kuti fumbi likakamire pomwepo. Zimenezi si nzeru za m'mutu mwanga, zili m'timapepala ta malangizo ta HSE totchedwa Asbestos Essentials, timene aliyense angawerenge pa intaneti mwaulere.

Bwanji osangochotseratu zonse kuti tithane nazo?

N'zotheka, ndipo ngati siling'i yawonongeka kapena mukugwetsa makoma, ndi njira yokhayo. Kuyambira mu 2006, kuchotsa Artex sikufunanso kampani ya laisensi, komabe wochotsayo ayenera kukhala wophunzitsidwa, ndipo ikakhala ntchito yaikulu yofewetsa ndi nthunzi kapena mankhwala, akuluakulu oyang'anira ayenera kudziwitsidwa isanayambe. Chipinda chimatsekedwa ndi mapulasitiki, katundu yense atatulutsidwa. Wogwira ntchito amavala ovolosi yotaya ikatha ntchito ndi masiki ya FFP3 yomugwira bwino kumaso. Masiki ya nsalu kapena ya kuchipatala ija sigwira timaulusiti, ndipo munthu wandevu masiki simumata, fumbi limalowera m'mbali. Artex imachotsedwa ili yonyowa. Zinyalala zimaikidwa m'matumba awiri, lina m'kati mwa linzake, olembedwa chenjezo, ndipo siziponyedwa m'bini ya pakhomo kapena mu skip wamba, chibini chachikulu chija chotayiramo zinyalala za pomanga. Funsani khonsolo yanu kumene amalandira zinyalala za asibesitosi, chifukwa khonsolo iliyonse ili ndi dongosolo lake.

Lamulo silikuletsani mwininyumba kuchita nokha m'nyumba yanu. Ine ndikupemphani kuti musatero. Zida zake mulibe, ndipo ana adzagona m'nyumba yomweyo usiku womwewo.

Ndawerenga izi mochedwa, ndapala kale theka la chipinda. Nditani?

Siyani pomwepo. Tulutsani anthu onse, tsekani chitseko, ikani nsanza yonyowa m'munsi mwake. Musasese, ndipo chonde musagwiritse ntchito huva ya m'nyumba: sefa yake sigwira timaulusi, imangotiulutsira m'nyumba monse, ndipo huvayo imakhala yotayika. Yoyenera ndi ya mtundu wa H imene amakhala nayo akatswiri. Zovala zimene munavala zivuleni mosakutumula, ziikeni m'thumba la pulasitiki n'kumanga, kenako kasambeni mpaka m'mutu. Mukatero itanani oyeza adzatenge kachidutswa. Zikapezeka kuti mulibe asibesitosi, mwapulumuka. Akapezeka, aitaneni odziwa adzayeretse chipindacho.

Za thupi lanu, kupuma fumbi la Artex kamodzi kwa nthawi yochepa chiopsezo chake n'chochepa. Amene amadwala kwambiri ndi amene fumbili linali chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku. Palibe ekisire imene ingaonetse timaulusi sabata yomweyo, choncho musavutike kuithamangira. Auzeni a dokotala anu a GP kuti alembe m'mbiri yanu tsiku ndi zimene zinachitika. Ngati mumasuta, siyani fodya, chifukwa pa zonse zimene mungachite panopa chimenechi ndiye chothandiza mapapo anu koposa.

Ife tili pa lendi. Zikutikhudza?

Zikukukhudzani pang'ono. Musaboole siling'i kuti mupachike nyale, chotchingira kapena zokongoletsa za Khirisimasi musanafunse eni nyumba. Makhonsolo ndi mabungwe obwereketsa nyumba ambiri amasunga kaundula wa malo amene muli asibesitosi m'nyumba zawo, ndipo mukhoza kuwafunsa. Siling'i ikasweka kapena kudontha, alembereni uthenga ndi chithunzi kuti pakhale umboni. Alandilodi akatumiza munthu n'kuyamba kupala mouma inu muli momwemo, muli ndi ufulu womuimitsa ndi kukadandaula ku nthambi ya zaumoyo ya khonsolo.

Koma kwathu takulira pansi pa malata a asibesitosi, ndipo tili moyo. Si mantha a azungu chabe amenewa?

Ili ndi funso limene bambo wina wachikulire, wobadwira ku Zimbabwe kwa makolo ochokera ku Malawi, anandifunsa akuseka. Ndinawayankha mwaulemu kuti bambo, malata aja ali ngati Artex yomweyi: asibesitosi ali womangika mu simenti, ndipo akakhala padenga osasokonezedwa savulaza kwenikweni. Amene ali pangozi ndi mmisiri wowadula ndi sowo kapena gulainda, ndi ana osewera ndi zidutswa zake zikasweka. Komanso munthu akayamba kubanika ali ndi zaka 65 kumudzi, ndani amakumbukira denga limene anadula ali mnyamata? Timangoti chifuwa chachikulu, kapena ukalamba.

Ndipo nkhaniyi ndi yathu kuposa mmene timaganizira. Mbali ina ya asibesitosi amene anadzaza nyumba za ku Britain inakumbidwa kum'mwera kwa Africa. Woyera wina ankachokera ku migodi monga ya Shabanie ku Zvishavane ndi ya ku Mashava m'dziko la Zimbabwe, kumene anthu ambiri ochokera ku Nyasaland anakagwira ntchito n'kukhazikika. Mgodi wa Shabanie unali m'manja mwa kampani ya ku England ya Turner & Newall. Ku fakitale ya Turner Brothers ku Rochdale, nthambi ya kampani yomweyi, n'kumene ankagwira ntchito Nellie Kershaw, mayi amene anamwalira mu 1924 ali ndi zaka 33, ndipo imfa yake ndi imene inayamba kulembedwa m'mabuku a zachipatala monga yobwera ndi fumbi la asibesitosi m'mapapo. Wofiirira ankakumbidwa ku Penge, ndipo wabuluu ku Northern Cape, m'dziko la South Africa. Kumeneko n'kumene dokotala wina, J.C. Wagner, ndi anzake anasonyeza mu 1960 kuti asibesitosi amayambitsa mesothelioma, ndipo ena mwa odwalawo sanalowepo mumgodi, ankangokhala pafupi ndi milu ya zinyalala zake. South Africa inaletsa asibesitosi mu 2008. Choncho mukamatumiza ndalama kumudzi zoti akasasule denga lakale la asibesitosi, auzeni amisiriwo kuti anyowetse malatawo, awatsitse athunthu osawaswa, ndipo asawadule.

Ntchito yatha, siling'i yasalala. Pali chinanso?

Chilipo, ndipo ambiri amachiiwala. Asibesitosi sanachoke, wangobisika, ndipo tsopano palibe angamuganizire poona siling'i yosalala. Mawa mudzafuna timagetsi tolowa m'siling'i, wamagetsi adzabwera ndi chobowolera chozungulira n'kucheka mabowo asanu ndi limodzi atayang'ana kumwamba, fumbi likumugwera kukamwa. Sungani pepala la ku labotale limodzi ndi mapepala a nyumba. Lembani chipinda, chaka, ndi njira imene anaphimbira. Ine ndimajambula siling'i ndisanaiphimbe n'kutumizira mwininyumba zithunzizo, ndipo ndimamata kapepala ka chenjezo pafupi ndi kachitseko kolowera m'denga, pomwe mmisiri aliyense amayambira. Mmisiri akabwera, muonetseni pepalalo asanatulutse zida m'galimoto. Mukamadzagulitsa nyumbayo, wogulayo mudzamupatse pepala lomwelo pamodzi ndi makiyi.